Masitampa a Bambo Tenson

Eugene anayala nsalu yoyera patebulo n'kutsegula buku loyamba la masitampa pang'onopang'ono. Anali wogula masitampa akale wa ku Lusaka, ndipo Greenwell, mwana wamwamuna wa malemu, ndiye anachita kukamutenga pagalimoto. Panali patangopita masiku asanu chiikireni m'manda bambo Tenson Mwaanga kumunda kwawo ku Chalimbana.

Fridah, mlongo wake wamkulu wa Greenwell, anaima pakhomo atapinda manja.

"Tenti ya maliro ikali panja, iwe wayamba kale kugulitsa za atate?"

"Ba sisi, nifuna chabe tidziwe mtengo. Atate afunika chiliza chabwino, osati mtanda wamatabwa."

Amayi awo, a Mainess, anakhala pamphasa pakona.

Eugene anayendetsa galasi lokulitsira zinthu pamwamba pa masamba. Panali masitampa a mutu wa mfumukazi, a nthawi ya Northern Rhodesia, kenako a ufulu a mu 1964, mitengo yake ili m'mapeni ndi mashereni, kenako a mangwee.

"Madala anali na diso," iye anatero. "Koma nikuuzeni zoona. Sitampa imadula ngati ili yosowa, mano ake a m'mphepete ali onse, kumbuyo kuli koyera. Awa anasindikizidwa ambirimbiri, ndiponso anawamata na guluu. Ukamatula, ang'ambika."

Greenwell anatsitsa mapewa. "Mabuku onse atatu?"

"Onse. Nanga izi analemba pansi pake n'zachani?"

Fridah anasendera pafupi. Pansi pa sitampa iliyonse panali timawu ta pensulo. Anawerenga mokweza: "Kasuba, Kitwe, 1971. Mkazi wabereka mapasa." Anapita pa ina. "Jordan, Wankie. Wavulala mwendo mu mgodi, koma ali moyo."

"Anali makalata a anthu," a Mainess anatero. Aka kanali koyamba kuyankhula tsikulo. "Kale kuno odziwa kuwerenga anali ochepa. Kalata ikabwera, anthu anali kuithamangitsira kwa atate anu. Anali kuwawerengera, n'kuwalembera yankho. Wina abweretse nkhuku, akana. Amvekere, nipatseni chabe sitampa."

Greenwell anakoka mpando. Mayina ena anali kuwadziwa: agogo a anzake, anthu amene anawaona ali mwana atakhala pansi pa mtengo wa mango, iye n'kumayesa kuti angobwera kudzacheza.

Kumapeto kwa buku lachitatu Eugene anapeza envelopu yachikasu ndi ukalamba. Anaitola ndi kapanira kachitsulo, nkhope yake n'kusintha.

"Iyi ndiye nkhani. Masitampa a zaka khumi za ufulu, 1974, osamatula, ndipo chidindo n'cha tsiku lomwe anatuluka. Iyi ningagule lero. Siingamange chiliza chonse, koma simenti ingapezeke."

Greenwell anayang'ana adiresi, nakwinya nkhope. "Yalembedwa kwa atate, koma dzanja n'lawo lomwe. Munthu adzilembera yekha kalata?"

A Mainess anaseka. Anaseka mpaka anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

"Ni yanga iyo. Atate anu ananifunsira na kalata. Ine kusukulu sininapiteko, ndipo wowerenga m'mudzi monse anali iwo okha. Ninaipereka kwa iwo omwe. Anaiwerenga yonse ataimirira, thukuta lili kamukamu, ngati yachokera kwa mlendo. Atatha amvekere, kodi muyankha? Ninati lembani."

"Munati chani, amayi?" Fridah anafunsa.

"Ninati, uzani mwamunayo kuti navomera, koma agule nsapato zina. Analemba momwemo, osasintha liwu. Nati, nanga si mwamva kale? Iwo akuti ayi, yankho la munthu lifunika kufika bwino. Anapalasa njinga mpaka ku Lusaka kukaiponya ku positi, n'kudikira milungu iwiri kuti iwapeze. Masiku onsewo tikakumana kuchitsime anali kunipatsa moni ngati sadziwa kanthu."

Eugene anaika kapanira kake m'thumba.

Greenwell anatenga envelopu ija ndi manja awiri, nagwada pamphasa n'kuipereka kwa amayi ake. Iwo anaitembenuza, kenako anaibweza m'manja mwake.

"Niwerengere, mwanawe," anatero. "Koma uimirire."