Maphunziro a pa Khonde

Bizwick anali asanapukute ndi thukuta lomwe pamene anakhala pa benchi mu ofesi ya esiteti. Kapitawo wa ku fakitale ya tiyi anali atapuma ntchito, ndipo ofuna malowo ankalembetsa kwa kalaliki Elson, mwana wa mlongo wake.

"Dzina talemba, mudzi talemba," anatero Elson. "Apa akufunsa schooling, atsibweni."

"Ndiye chiyani chimenecho?"

"Maphunziro."

"Lemba kuti alipo, ambiri. Zaka khumi ndi zisanu ndikuumitsa tiyi. Ndikangonunkhiza ndimadziwa kuti tsamba lafika. Mawu a Mulungu ku tchalitchi amawerenga ndani, si ine?"

"Si zimenezo ayi. Mzungu akati schooling akunena sukulu ya belu ndi mphunzitsi wake, Sitandade yakutiyakuti. Inuyo anakuphunzitsani ndani?"

"Malemu mkazi wanga Leah, pa khonde, ndi khala pa chitseko."

"Khonde lilibe Sitandade, atsibweni."

Bizwick anausa moyo. Ukapitawo ukanamuchotsa pa ng'anjo, pamene utsi unkamutsokomoletsa chaka ndi chaka. Panja pankadikira Amosi, amene anangolowa ntchito chaka chatha, satifiketi yake ili m'thumba la malaya.

Elson anasendera pafupi, nanong'ona. "Ndingolemba Sitandade 4, sukulu ya ku Masambanjati. Akafufuza ndani?"

Bizwick anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, mtima ukukoka uku ndi uku.

"Lamulungu ndikayambitse nyimbo ndi pakamwa pomwepa?" anatero. "Lemba kuti palibe."

"Mukudzipha nokha, akulu inu! Chilungamo chanucho chikuchotsani mu utsi?"

"Ndati lemba."

Elson analemba mokwiya, nakankha kabokosi ka inki. "Dindani chala apa. Opanda schooling amadinda."

Bizwick anabweza kabokosiko. Anatenga cholembera m'dzanja la Elson, nalemba dzina lake lonse pang'onopang'ono, zilembo zili chilili ngati anthu pa pemphero.

"Bwana wako akawerenge yekha," anatero, natuluka.

Lolemba m'mawa Amosi, kapitawo watsopano, anafika pa ng'anjo ndi tiyi m'manja.

"A Bizwick, tawonani, kodi wafika ameneyu?"

Bizwick anatsokomola mpaka misozi. Mawu owawa anafika pa lilime, koma anawameza. Analandira tiyiyo, nanunkhiza.

"Sanafike. Dikirani pang'ono, a kapitawo."