Timadontho Tofiira

"Kadontho kenanso aka!" azakhali anakuwa, atakweza ketulo m'mwamba ngati agwira mbava. "Pa chogwirira penipeni. Alamu, achimwene ankachita chiyani m'nyumba muno?"

Chiikireni maliro a bambo, amayi ankangoyang'ana anthu ngati sakuwadziwa.

Mwana wawo wamkazi, amene aliyense ankamutchula Wailesi poti pakamwa pake sipankazima, anali atauza kale msewu wonse kuti nyumba yawo yatuluka timadontho tofiira. Pa geti, pa mwendo wa mpando, ngakhale pa mpopi wa kubafa. Wina anati ndi mankhwala. Wina anati bambo ankagawa katundu mobisa. Wailesi anavomera zonse ziwiri, poti zonse zinkakoma pofotokoza.

Bambo ankagwira ntchito kufakitale ya mainjini. Ankawotcha zitsulo, kuziziziritsa, kuzikanikiza, kenaka n'kunena kuti ichi chidzang'aluka liti. "Chitsulo chimatopa ngati munthu," ankatero pachakudya. "Kutentha, kuzizira, kutentha, kuzizira, basi mng'alu." Ankamvetsera ndani? Wailesi ankakhala ali pafoni.

Azakhali anatenga waya wotsukira mapoto n'kupala timadontho tonse mbee. Analowa ngakhale m'galaja, momwe bambo aang'ono ankakonzekeretsa galimoto ya malemu. Mawa lake inkayenera kunyamula banja lonse kudutsa mapiri, kukasiya amayi kwawo kuti akapumule.

Madzulo azakhali akuthira tiyi, chogwirira cha ketulo chinangoti phwa! Madzi otentha pansi ponse. Wailesi anatola chidutswacho. Chinali chitathyoka pomwe panapalidwa paja, osaphonya.

Kwa nthawi yoyamba, Wailesi anazima: kodi bambo ankaika kadontho paliponse pomwe padzathyoke? Kenaka anati, "Azakhali, m'galimoto munapalamo?"

"Kamodzi. Kapena tiwiri."

"Pati?"

"Iwe, ndingadziwe? Zitsulo zonse n'zakuda!"

Bambo aang'ono anaseka, koma kuseka kwawo kunali kosafika m'mimba. "Injini ikulira bwinobwino. Tisiye ulendo chifukwa cha ketulo?"

"Ketulonso imalira bwinobwino m'mawa," anatero Wailesi.

Onse anathamangira kugalaja n'kuweramira m'boneti, mitu kugundana. Azakhali analoza apa, n'kuloza apo, n'kuyamba kulira kuti achimwene awo sankanena zinthu ngati anthu ena.

Amayi anafika pambuyo, osathamanga. Sanasuzumire n'komwe m'boneti. Anakwera pa ndowa n'kuyamba kutsitsa timitolo pashelefu yapamwamba, kalikonse kokulungidwa m'malaya akale a bambo. M'koyamba munali chitsulo chatsopano cha geti. Kachiwiri, mpopi. Kachitatu, chogwirira cha ketulo. Komaliza kanali kolemera: chipaipi chotulutsa utsi pa injini.

Bambo aang'ono anachiyang'ana, n'kuyendetsa chikhadabo pa chinzake chakale m'galimotomo. Chikhadabo chinakodwa mu mng'alu wopyapyala ngati tsitsi.

"Mawa sitipita," anatero chapansipansi. "Ndiyambe ndasintha ichi."

Amayi anali akadali pa ndowa, dzanja likupapasa mpaka kukhoma.

"Mukufunanso chiyani, amayi?" anafunsa Wailesi.

"Ndimati mwina anasiya china."

Panali kachitini ka penti yofiira kokha, kotseka bwino, kaburashi kake kotsukidwa. Amayi anatsika, anapinda malaya aja limodzilimodzi, n'kuwakumbatira pachifuwa. Kenaka anapatsa Wailesi chogwirira chatsopano chija.

"Kamange, mwanawe. Alendo sanamwe tiyi."