Ng'oma ya a Chimbalanga Inalira Osamveka

Chibwerere makina opanga magetsi ndi mphepo paphiri la kwawo, Faniwelo ankayenda ngati phirilo analiumba yekha. Ndiye ankakwera pamwamba, pomwe mapiko amazungulira, kukathira girizi. Magetsi akayaka m'mudzi, ana ankamuimbira m'manja, iye n'kumayenda monyang'wa.

Vuto linali limodzi. Zotsekera m'makutu zomwe anampatsa kuntchito ankangozikoleka m'khosi ngati mkanda. Ankati mdzukulu wa malemu a Chimbalanga, katswiri wa ng'oma, satseka makutu, makina amawamvetsera mmene agogo ankamvetsera ng'oma. Tsopano m'makutumo munkalira nyenje osalekeza, ndipo tulo tinkamuvuta.

Lamulungu lina masana, mkazi wake Nangondo anasiya kuchapa n'kuthamangira pamkeka pomwe Faniwelo anakhala ndi mwana wawo wamkazi.

"Bambo a Takondwa, mwamva? Mwana wakuitanani!"

"Wati chiyani?"

"Wati ababa. Kawiri konse, ali pamwendo panu pomwepo."

Faniwelo anaseka, koma mtima unamuwawa. Sanamve kalikonse. Anagona chagada poganizira zimenezi, tulo n'kumuba.

Anapezeka ali pabwalo. Kunkanunkha udzu wopsa, uja amawambira ng'oma. A Chimbalanga anali pomwepo, malaya awo ong'ambika paphewa aja, akumata phula pachikopa ndi chala chachikulu. Anayamba kuimba ng'omayo. Fumbi linakwera, amayi anavina, malilime akugwedezeka ndi nthungululu, koma kunali zii. Takondwa anabwera chokwawa n'kumugwira bondo, kakamwa kakuyenda, mawu osatuluka.

Agogowo anaika dzanja pang'oma n'kumuyang'ana. Mawu awo okha ndi omwe anamveka.

"Faniwelo, makutuwo ndi anga, ndinakusiyira. Ine ng'oma ndinkaileka kuti makutu apume. Chitsulo chakocho sichileka. Tseka, mwana akukuitana."

Anadzidzimuka thukuta lili kamukamu, dzuwa litapendeka.

M'mawa mwake anapita kuchipatala. Adokotala anamuuza kuti khutu lamanzere lawonongekako ndipo silidzabwerera mwakale, koma lakumanja angalipulumutse akamadziteteza. Faniwelo anatuluka akumwetulira ngati wapambana mpira. Pokwera makina anavala zotsekera zija mpaka kukanikiza. Anzake akuntchito anamuseka kuti mdzukulu wa ng'oma wagonja, koma anawaumiriza mpaka nawonso anavala, wina akung'ung'udza.

Patapita masabata, akuweruka madzulo ena, anaima pakhomo akuvula nsapato. Mapiko ankazungulira phee kuphiri kuja. Kuseri kwa nyumba kunamveka kamawu kakang'ono, kotsika kwambiri.

"Ababa."

"Ndabwera, mayi," anayankha Faniwelo, nsapato imodzi ikadali kuphazi, akuthamangira komweko.

Nangondo anasuzumira pazenera akuseka.

"Lero mwamva nokha, bambo a Takondwa."

Faniwelo anamunyamula mwanayo n'kumuika kukhutu lakumanja kuti anenenso.