Khutu la nkhosa ndi mano a Bektur

Jypar anapeza mwamuna wake Mirlan kuseri kwa khola akuwaula mutu wa nkhosa, n'kumuonetsa botolo la mwana wawo Bektur lomata ngati ulimbo.

"Taonani. Tiyi wa shuga uyu. Agogo ake amugoneka nalo mkamwa usiku wonse. Mukawauze bambo anu."

"Ndikawauze bambo? Iwe, alendo ali m'njira. Ukufuna mutu wowaulidwa lero ukhale wanga?"

"Mantha ake amenewo! Kavalo wolusa mumakwera, koma bambo anu akangotsokomola mumabisala kuseri kwa mulu wa ndowe. Mano akutsogolo a mwanayu ayamba kale kuda. Anamwino anati shuga akamagona mkamwa, mano amabooka."

"Mano oyamba amenewo, adzaguluka okha. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mkazi wanga."

"Tikamadekha chonchi, mwana atsala ndi nkhama zokhazokha ngati nkhono yanuyo."

Vuto linali lakuti Bektur, ngakhale anamubereka ndi Jypar, sanali wake. Pa mwambo wa kwawoko, mdzukulu woyamba amakhala mwana wa agogo. Choncho mwanayo agogo ake a Toktosun ankawatcha bambo, pomwe mayi ake omubereka ankawati alamu. Ndipo mtengwa satchula ngakhale dzina la apongozi ake, nanji kuwadzudzula.

A Toktosun ankamukonda mwanayo mosasiyako ndi kwina. Thumba la chikhoti chawo silinkauma timibulu ta shuga. Mwana akalira, shuga. Akaseka, shuga. Akagwa, timibulu tiwiri. Kamswachi kamene Jypar anagula m'tauni ya Naryn, mkuluyo anakaona kuti n'kabwino kuchotsera fumbi pa wailesi. Zonsezi zinkamupweteka Jypar mumtima, koma ankangothira tiyi n'kuweramitsa mutu.

Alendo anafika dzuwa lili paliwombo, nakhala mozungulira nsalu yodyera. Mutu wa nkhosa unaikidwa patsogolo pa a Sagynbek, mnzawo wa a Toktosun wa paubwana, amene anali wamkulu pa onse. Iwo anatulutsa mpeni, n'kudula khutu, monga mwa mwambo.

"Bwera kuno, kamnyamata. Idya khutu ili kuti uzimva akulu akamalankhula."

"Mpatse lonse!" anatero a Toktosun, chifuwa chili patsogolo. "Ameneyo ndi mmbulu. Amatafuna ndi mafupa omwe."

Bektur analandira khutulo ndi manja awiri, n'kuliluma mwamphamvu kuti onse aone. Kenaka anakuwa. Analilavulira pansalu pomwepo, kadzanja kali pakamwa, misozi ili mbwembwembwe.

A Toktosun anapisa dzanja m'thumba, koma a Sagynbek anawagwira mkono.

"Taima kaye, mbale wanga." Anakweza mlomo wa mwanayo ndi chala, n'kusuzumira. "Aa! Mmbulu wakoyu mano ake ngati chimanga chofumbwa. Iwe Toktosun, ako unamaliza kalekale, ukudyera ogula. Tsopano wayamba a mwana?"

Alendo anafa nacho chiseko. A Toktosun sanaseke. Anamunyamula mwanayo, n'kuyang'ana okha timadontho takuda tija, ndipo nkhope yawo inagwa.

"Nanga bwanji palibe anandiuza?"

Anayang'ana Mirlan. Mirlan anali atatanganidwa zedi ndi fupa lopanda nyama.

Jypar anali chogwada pafupi ndi khomo, ketulo ili m'manja. Akalankhula, mudzi wonse udzati mtengwa wa kwa a Toktosun ndi wamwano. Akakhala chete, mawa botolo lija lidzadzazanso. Anaika ketulo pansi, osayang'ana apongozi ake, n'kulankhula ndi mwanayo.

"Bektur, uwauze bambo ako kuti alamu ako akuti chikudya manowo ndi shuga, ndi botolo la tiyi la pogona lija. Uwauze kuti pogona madzi okha akwanira. Uwauzenso kuti kamswachi kaja si ka wailesi."

Mirlan anatsamwa.

"Wakutsina khutu ndi mnansi," anatero a Sagynbek chapansipansi, akupukuta mpeni wawo.

A Toktosun anakanda ndevu kwa kanthawi. Kenaka mapewa anayamba kugwedera, mpaka anaseka mano ogula aja kutsala pang'ono kugwera m'mbale.

"Bektur, uwauze alamu ako kuti ndamva. Iwe Sagynbek, dula khutu linalo undipatse ine. Wosamva m'nyumba muno si mwanayu ayi."

Analidya lonse, ngakhale linawatengera nthawi.

Kutacha, Jypar akuchokera kokama ng'ombe anaona apongozi ake akukhuthulira thumba lonse la shuga pakamwa pa kavalo. M'thumbamo anaikamo kurut, timibulu touma ta mkaka wowawasa, n'kuuza Mirlan kuti akonze galimoto, mwana akaonedwe mano kuchipatala. Atatero anakhala pakhomo, Bektur atamupanira pakati pa mawondo, kamswachi katsukidwa bwinobwino.

"Bektur, tawafunsa alamu ako. Mankhwalawa tiike ochuluka bwanji?"

"Uwauze kuti ngati kambewu kamodzi ka mpunga. M'mawa ndi pokagona."

Mkuluyo anayamba kutsuka, lilime lili kunja ngati akusoka chishalo. Bektur anaphiriphitha, thovu lili kukamwa, natambasula manja kwa Jypar.

"Alamu! Ndilanditseni!"

Jypar ananyamula ndowa yake ya mkaka, akuseka chobisa.

"Pepa, mlamu wanga. Mwana wa eni ake ine sindilowererapo."