Kunsi kwa Piyano

Onyamula katundu anali atamasula kale mwendo umodzi wa piyano pamene Chitsirizira anayambanso kulimbana ndi achimwene ake.

"Amayi simunawafunse," iye anatero.

"Ndawafunsa. Angoseka."

Abambo awo anali ataikidwa m'manda sabata yomweyo. Anapita bwino, atakalamba mokwanira: anaimba m'mawa monga mwa masiku onse, masana n'kuwodzera pampando, osadzukanso. Achimwene, munthu wosafuna kuti nkhani igonere, anali atalonjeza kale eni holo yaikulu ya mumzinda kuti piyanoyo ikakhale polowera, yokhoma, kuseri kwa chingwe, chithunzi cha malemu chili pamwamba. Ankati ndi udindo. Munthu amene anaimba m'maholo a mayiko ambirimbiri, anthu n'kumaimirira pomuombera m'manja, sangakhale wa banja lokha.

Kunena zoona, Chitsirizira piyanoyo sankaikonda. Ankangoimenyera nkhondo poopa kuti amayi atsala m'chipinda chopanda kanthu. Chilombo chakudacho ndi chimene chinawalanda manja a abambo. Manja amenewo sankatsegula chitini, sankagwira mpeni, ndipo alendo ankapatsidwa moni wa mutu basi. Ngakhale kutenthe bwanji, ankakhala m'magolovesi. Anawo ankaseka kuti m'nyumbamo munali ana anayi, ndipo okondedwa anali Lamanja ndi Lamanzere. Powoloka msewu, Chitsirizira ankagwira nsonga ya jekete. Nthabwalayo ankaiseka nawo, koma mumtima zinkamuwawa, ndipo mpaka tsiku limenelo sankakumbukira abambo ake atamugwirapo dzanja. Chimene ankachidziwa bwino ndi nsapato zawo, pakuti ali kamwana ankayala kabulangete kunsi kwa piyano n'kumaziyang'ana zikuponda zitsulo zopondera za piyanoyo mpaka tulo titamutenga.

Amayi anali atakhala pakona, jekete lakuda loimbira la malemu lili pamiyendo, akusokerera batani ngati mwini wake ali ndi ulendo mawa.

Amuna aja anayala mabulangete, anawerenga pamodzi, n'kuipendeketsa piyano mpaka inagona chammbali. Zingwe zake zinadandaula pang'ono m'kati. Wamkulu wa onyamulawo anapukuta thukuta, kenako anawerama.

"Bwana, izi tifufute, kapena akapenta okha kuholoko?"

Pamatabwa oyera a kunsi, kumene munthu woimirira sangaone, panali manja okhaokha. Timanja tojambula ndi pensulo yofiira mozungulira zala, tina ngati tsamba laling'ono, tina tokulirapo, tothithikana pamtanda uliwonse.

Achimwene anafunsa kuti ndi mwana wa ndani anachita mwano wotere. Amayi anadula ulusi ndi mano.

"Mwana wa apongozi anga," anatero. "Muli ana, inu mumagona kunsi kwa piyanoyi ngati zipika nonse awiri. Nyimbo ikangoduka pakati, ine kukhitchini ndimadziwa kuti munthu wamkulu wavula nsapato, wakwawira kunsi. Amagona chagada, n'kuika mmodzi wa inu pachifuwa, kadzanja n'kukakweza m'mwamba. Ndikamuuza kuti achita zamanyazi, amati ndikhale chete ndidzutsa ana."

"Bwanji sanatiuze?"

"Abambo anu pakamwa panali polemera. Simukuwadziwa?"

Achimwene anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Anagwada ndi suti yawo yomweyo n'kuyamba kufufuza, ndipo sanachedwe kupeza dzanja la kachala kokhota ngati kawo. Anakhosomola, ngakhale analibe chifuwa. Chitsirizira anayembekezera kumva za udindo, za lonjezo, za zimene anthu anene. Iwo anangouza onyamula aja kuti apepese powavutitsa, abwezere mwendo uja, ndipo kuholoko kupite chithunzi ndi jekete.

"Jekete atenge, batani ndasoka," anatero amayi. "Koma ichi ayi."

Anapisa m'thumba lam'kati n'kutulutsa kapensulo kofiira, kotha, kolumidwalumidwa kumapeto. Aliyense ankakadziwa. Abambo ankapita nako papulatifomu paliponse, ndipo anthu ankati n'kolembera pamapepala a nyimbo. Amayi anakaika m'dzanja la Chitsirizira n'kumupinda zala.

Amuna aja anali atagwira kale piyano kuti aidzutse pamene iye anawapempha kuti adikire pang'ono. Anagwada pafupi ndi achimwene ake. Pathabwa lapakati panali dzanja limodzi lokha lalikulu, la zala zazitali zotambasuka, mzere wake wonjenjemera chifukwa mwini wake analijambula ndi lamanzere. M'kati mwake munali kadzanja kakang'ono kuposa tonse.

"Ameneyo ndiwe," anatero amayi.

Chitsirizira anaseka, misozi ili mbwembwembwe. Anapukuta chikhatho padiresi, n'kuchiika pamenepo.