Shafiti Inathyokera ku Dambo

Pa Sharpevale panalibe wosakadziwa kapikiapu ka Yoramu. Kanali kakale zedi, kosiyidwa ndi malemu bambo ake, koma Yoramu anachotsa injini yotopayo n'kuikamo ya minibasi. Kakamadutsa, nkhuku zinkathawira kutchire. Zakumbuyo zokha, difu ndi mashafiti otembenuza matayala, anazisiya zomwezo zimene kanabadwa nazo. Makaniko wina kuboma anamuuzapo kuti zitsulozo n'zoonda, sizingapirire injini yotero, koma mawuwo analowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Tsiku lina mvula itangokata, kunafika mlongo wake Lufina, chitenje chili matope okhaokha. Ng'ombe yake inali itatitimira kudambo. Inali yokhayo yotsala m'khola chimwalirire mwamuna wake, ndipo inali ndi bere.

Yoramu atafika kudamboko anapeza amuna atakoka kale mpaka manja kusupuka. Matope anali atafika m'mimba mwa ng'ombeyo. Anaikulunga masaka pachifuwa kuti chingwe chisaicheke, nsonga inayo n'kumangirira kugalimoto.

"Achimwene, muchite pang'onopang'ono," anatero Lufina.

"Usade nkhawa, mlongo wanga. Kantchito aka n'kochepa."

Poyamba matayala ankangoterereka pa udzu. Amuna aja anakwera kumbuyo kuti kalemere, ndipo matayala anagwira nthaka. Chingwe chinakungika. Ng'ombe inalira, mapewa ake n'kuyamba kuoneka. Apo ndiye Yoramu anasusuka, n'kuponda mafuta mpaka pansi.

Kunsi kunamveka kuti thyo.

Injini inapitiriza kubangula, koma matayala anangoti chilili. Chingwe chinakhwepa, ng'ombe n'kubwerera m'dzenje lake, mozama kuposa poyamba.

Yoramu anakwawira pansi pa galimoto. Panalibe choona, chifukwa shafiti imathyokera m'kati mwa paipi yake. Ndipo shafiti ya galimoto yakale chotero sungaipeze pa Ntcheu, n'kukasaka kwa ogulitsa zibanthu za magalimoto ku Blantyre. Thirakitala m'deralo munalibe. Anabwerera pachiwongolero, thukuta lili kamukamu. Analowetsa giya yoyamba, yachiwiri, yobwerera, akudziwa bwino lomwe kuti akungodzivuta. Chimene ankaopa chinali kutsika n'kuonana maso ndi mlongo wake. Mtima unkamuwawa, manyazi nawo osaneneka.

Pofika masana matope anali m'khosi. Azimayi anayamba kufika ndi mabeseni, n'kumaima patali ngati angodutsa. Mkulu wina ananena chapansipansi kuti ikafera m'matope nyama iwonongeka, ndipo wina anapita kukatenga mpeni.

Lufina analowa m'dambomo mpaka m'chiuno, n'kuyamba kuisisita ng'ombeyo pamphumi, akuipukuta matope m'maso ndi nsonga ya chitenje. Kumtunda injini inali ikulirabe bwinobwino, yosatsokomola n'komwe.

Lufina sanatembenuke, ndipo sanakweze mawu.

"Achimwene, zimitsani. Ikuchita mantha."