Kabini ka Bambo

"Wamuika kuti mwana wanga?" Mayi anafunsa, dzanja lili pa mausi, nkhope ataisendeza pafupi ndi sikirini.

Injiniya, mwana wawo woyamba, anaika kapu ya tiyi pansi. Dzinali anamupatsa ndi malemu bambo ake tsiku lomwe anamasula wailesi ya m'nyumba n'kulephera kuibwezeretsa, ndipo linamukanirira mpaka imvi. M'mawa umenewo, anthu a pamaliro atabalalika, manja ankamuyabwa kufuna chochita. Anayatsa kompyuta ya Bambo pakona pa balaza, n'kupeza tizithunzi ta mapulogalamu tili mbwee, kena m'mwamba, kena pakati, kena kukona, ngati nkhuku zothawa mvula. Anangodina kamodzi, tonse tinafola kumanzere motsatira zilembo. Munthu wamkuluyo anadzitamanda mumtima kuti wagwira ntchito.

"Mwana wanu uti, Amayi?"

"Chitsirizira. Amakhala apa." Mayi analoza kudzanja lamanja kwa sikirini, komwe tsopano kunalibe kanthu.

Chitsirizira, mwana wawo womaliza, anali namwino kutsidya kwa nyanja. Mapepala a ulendo anachedwa, bambo ake anaikidwa iye kulibe, ndipo masana amenewo ankadikira kuti mayi ake amuimbire pa kompyuta monga mwa masiku onse.

"Koimbira kaja ndi aka, Amayi. Werengani dzina lake pansipo."

Mayi anatsinzinira, ng'ala ya m'maso n'kuwakaniza. Anadina kena, panatseguka chowerengetsera masamu. Anadina kenanso, pulinta inadzuka n'kuyamba kukhosomola.

Injiniya anapumira m'mwamba. Sutikesi ya Mayi anali ataitsitsa kale pamwamba pa wadirobu, ndipo inali chikhalire pakhomo pa chipinda. Kwake anali atakonza kale chipinda cha alendo, chifukwa mtima sunkamulola kusiya mayi ake okha m'nyumba momwe chilichonse ankachita ndi Bambo.

"Mwaona, Amayi? Ndi zomwe ndikunena zija. Bambo kulibe, ndani azikuthandizani muno? Tiyeni kwathu basi."

"Iwe, nyumba ino ndimayenda nditatsinzina. Sindinasochere ayi, wandisocheretsa ndiwe." Mayi anagogoda galasi ndi chikhadabo. "Tayang'ana bwino. Ukuonapo chiyani apa?"

Apo m'pamene Injiniya anachiona chithunzi chachikulu chomwe chinali kumbuyo kwa tizithunzi tija, chimene m'mawa sanachilabadire. Chinali cha banja lonse litaima pakhonde tsiku lomwe Chitsirizira ankanyamuka, ngakhale galu analipo.

"Bambo ako ataona kuti zilembo zayamba kundithawa, anakhala pampando uwu tsiku lonse, kukoka kamodzikamodzi. Koimbira anakaika pachifuwa pa Chitsirizira. Ndikamufuna mwana wanga, ndimangopita pomwe waima."

Manyazi anamugwira Injiniya mpaka m'makutu. Anakoka mpando wina n'kukhala pambali pawo.

"Ndiuzeni, Amayi, ndibwezeretse."

Koimbira kanabwerera pachifuwa pa namwino. Kanyimbo kanapita pakamwa pa Mayi eniake, "chifukwa ati sinditseka pakamwa ngakhale m'tulo." Kankhani za pa dziko kanapita pa galu, poti Bambo ankati nkhani za masiku ano n'kuuwa kokhakokha. Injiniya anayamba kuseka, koyamba chifikireni.

"Nanga pa ine panali chiyani?"

"Kagudumu kamanomano kaja, kosinthira zinthu. Ati, 'Mayi, ameneyu musamamukhudze, amamasula zinthu osabwezeretsa.'"

"Aa, Bambo! Nkhani ya wailesi mpaka lero?"

"Ananama kodi? Si izi wachita m'mawa uno?"

Anaseka onse awiri mpaka kuseka kunasanduka misozi, ndipo palibe amene anabisira mnzake. Atapukuta m'maso, Mayi analanda mausi. Anayendetsa kamuvi mwachifatse mpaka pachifuwa pa Chitsirizira, n'kudina kawiri. Kompyuta inalira pang'ono, kenako nkhope ya namwino inadzaza sikirini, maso atatupa.

"Amayi! Ndimati mwina lero simuimba, poti Bambo..."

"Ndilekerenji kuimba? Njira anandilambulira kale. Kungoti achimwene akowa anadzalimapo m'mawa."

Injiniya anawasiya akulira ndi kusekerana. Anadzuka mwakachetechete, n'kunyamula sutikesi ija kukaibwezera pamwamba pa wadirobu. Mantha ake sanathe, koma anadziwa kuti akawachotsa Mayi m'nyumbamu, awafoletsa kukhoma ngati tizithunzi tija.

Atabwerera, foni inali itatha, ndipo kumanzere kunatsala kachithunzi kamodzi kokha, kabini kotayamo zosafunika.

"Nanga aka kankakhala pati?"

Mayi anayang'ana kumapeto kwa mzere wa banja pachithunzipo. Bambo anaima pamenepo mu shati yawo ya mizeremizere, akumwetulira ndi mano awo otalikirana, dzanja limodzi lili lende pambali.

"Pankhope pawo," anatero motsitsa mawu. "Ndinawafunsa kuti mukudzibisiranji. Ati, 'Ine mumandiona tsiku lililonse, ndinakukwanani kale. Malo abwino tisiyire ana amene ali kutali.' Nkhope iyi pa kompyuta pano ndaiona lero, chifukwa cha kusokoneza kwakoko."

Injiniya anafikira mausi, koma kabiniko sanakakoke. Kuphimba nkhope ya bambo ake kachiwiri m'sabata imodzi, zimenezo sakanatha.

"Leka, ndikoka ndekha," anatero Mayi.

Anakagwira kabiniko n'kuyamba kukakoka pang'onopang'ono, kudutsa galu, kudutsa Injiniya, kudutsa iwo eni. Katafika pankhope pa Bambo, chala chawo sichinasiye. Anakatsitsa kudutsa kolala, kudutsa thumba la shati, mpaka m'dzanja lija, ndipo m'menemo ndi momwe anakasiya.

"Akagwire apo," anatero. "Zinyalala za m'nyumba muno ankataya ndi iwo, ife tisanadzuke."

Kenako anatenga nsonga ya nsalu yawo n'kupukuta kafumbi komwe kanali pagalasi, pachipumi pa Bambo.